Bedard yekha sangasenze denga la Chicago Blackhawks

Pamene sizoni ya 2025/26 inkayamba mu ligi ya National Hockey League, yodziwika mwachidule kuti NHL, ochemerera timu ya Chicago Blackhawks ku America anagawikana pawiri. Ena ankati atsogoleri a timuyi apitirize kudekha ndi kulera achinyamata amene asonkhanitsa kufikira atakhwima. Ena ankati kudekhako kwakwana, ndipo zaka zinanso za kugonja zidzaononga achinyamata omwewo. Pakamwa pa onse panali funso lakuti ndani azisewera pambali pa katswiri wawo Connor Bedard, amene panthawiyo anali ndi zaka 20. Funsoli likuoneka laling'ono, koma likukhudza nkhani yaikulu: timu imene inaphwasulidwa mwadala imadziwa bwanji kuti nthawi yoyambanso kupambana yakwana?

Masewerowa ndi hockey ya pamadzi oundana. Timu iliyonse imakhala ndi osewera asanu ndi mmodzi pabwalo: atatu kutsogolo, awiri otchinga kumbuyo ndi goloboyi. Chifukwa cha liwiro lake, osewera amasinthana pafupifupi mphindi iliyonse, choncho mphunzitsi amagawa akutsogolo m'magulu anayi a anthu atatuatatu. Katswiri angakhale waluso chotani, zigoli zake zimadalira anzake awiri amene waikidwa nawo m'gulu limodzi.

Chinthu china chofunika kumvetsa n'chakuti mu NHL, momwe muli matimu 32, timu situluka mu ligi ngakhale itamaliza kumchira, mosiyana ndi Super League ya m'dziko muno. M'malo mwake, matimu amene achita moipa ndiwo amakhala ndi mwayi waukulu wosankha poyamba osewera achinyamata pamwambo wapachaka wotchedwa draft. Dongosololi limapangitsa kuti kugonja kukhale ndi mphotho, ndipo atsogoleri ena amasankha njira imeneyi mosabisa.

Chicago si timu wamba. Inatenga chikho cha Stanley Cup mu 2010, 2013 ndi 2015, motsogozedwa ndi Jonathan Toews, Patrick Kane ndi Duncan Keith. Koma kuyambira 2015 mphamvu zinayamba kuchepa, ndipo mu 2017 Nashville Predators inaitulutsa mu ndime yoyamba ya chipulula isanapambaneko masewero ngakhale amodzi. Mu October 2021 mkulu woyendetsa timuyi, Stan Bowman, anatula pansi udindo kafukufuku atapeza kuti akuluakulu ake sanachitepo kanthu msanga pa dandaulo la wosewera wina lokhudza nkhanza zogonana mu 2010. Ligi inalipiritsa timuyi madola 2 miliyoni. Kyle Davidson ndiye analowa m'malo mwake, ndipo atatsimikizidwa paudindowu mu March 2022 ananena poyera kuti timu imangidwanso kuyambira pamaziko.

Davidson sanachedwe. Mwezi womwewo anagulitsa Brandon Hagel ku Tampa Bay Lightning. Mu July 2022 anatumiza Alex DeBrincat, amene anali atangomwetsa zigoli 41 ali ndi zaka 24, ku Ottawa Senators, ndipo Kirby Dach anapita ku Montreal Canadiens. Kane anasamukira ku New York Rangers mu February 2023, ndipo Toews sanapatsidwe kontirakiti ina. Malipiro ambiri a malondawa anali mipata yosankhira achinyamata. Pakati pa 2022 ndi 2025 Chicago yasankha osewera 11 mu ndime yoyamba ya draft, kuphatikizapo Bedard amene anali woyamba mu 2023, Artyom Levshunov wachiwiri mu 2024 ndi Anton Frondell wachitatu mu 2025.

Pabwalo zipatso sizinaonekebe. Mu sizoni ya 2023/24 timuyi inapambana masewero 23 okha mwa 82 ndipo inapeza mapointsi 52. Sizoni yotsatira inapambana masewero 25 n'kupeza mapointsi 61. Maulendo onse awiri inamaliza pa nambala 31, pamwamba pa San Jose Sharks yokha. Mphunzitsi Luke Richardson anachotsedwa ntchito mu December 2024, Anders Sorensen n'kugwirizira, kufikira Jeff Blashill atalembedwa mu May 2025.

Amene akuti kudekha kwakwana amaloza Bedard mwiniwakeyo. M'chaka chake choyamba anapeza mapointsi 61, kuphatikiza zigoli zomwetsa yekha ndi zothandizira, m'masewero 68, ngakhale anathyoka nsagwada pakati pa sizoni, ndipo analandira mphotho ya Calder Trophy ya wosewera watsopano wopambana. M'chaka chachiwiri anapeza mapointsi 67 m'masewero 82, kutanthauza kuti sanapite patsogolo monga ankayembekezera. Panali nthawi imene anatha masewero 12 osamwetsa chigoli, ndipo anzake a m'gulu ankasinthidwa pafupipafupi. Osewera odziwa ntchito amene anagulidwa mu July 2024, monga Tyler Bertuzzi ndi Teuvo Teravainen, ndi othandiza, koma palibe mwa iwo amene adani amamuopa. Amene anamwetsa zigoli zambiri m'timu monse anali Ryan Donato, ndi zigoli 31. Chimene chimawawa kwambiri ochemererawa n'chakuti Hagel, amene anagulitsidwa, anapeza mapointsi 90 ku Tampa Bay m'sizoni yomweyo.

Gululi limakumbutsanso za Seth Jones, wotchinga kumbuyo amene ankalandira madola 9.5 miliyoni pachaka. Mu February 2025 iye anadandaula poyera kuti timu sinasinthe kuchokera pamasewero oyamba a sizoni. Patangopita masiku ochepa anagulitsidwa ku Florida Panthers, posinthana ndi goloboyi Spencer Knight komanso mpata wina wa draft, ndipo mu June anakweza chikho cha Stanley Cup. Kwa iwo, nkhani ya Jones ikuonetsa kuti kugonja kosalekeza kumatopetsa osewera, ndipo kumapangitsa akatswiri a matimu ena kukana kubwera.

Mantha awo ali ndi maziko. Buffalo Sabres inamaliza kumchira mu 2014 ndi 2015, n'kusankha Sam Reinhart ndi Jack Eichel. Onse awiri anadzatenga chikho atachoka, Eichel ku Vegas Golden Knights mu 2023 ndipo Reinhart ku Florida mu 2024 ndi 2025. Pofika April 2025 Buffalo inali itatha masizoni 14 motsatizana osalowa mu ndime ya chipulula, zimene sizinachitikepo m'mbiri ya ligiyi. Edmonton Oilers nayo inasankha poyamba mu 2010, 2011 ndi 2012, koma inadikira mpaka 2017, Connor McDavid atabwera, kuti ibwererenso m'chipulula. Kusonkhanitsa achinyamata aluso n'kosavuta poyerekeza ndi kuwasandutsa timu.

Mbali inayo nayo ili ndi mfundo zomveka. Imati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kuthamangitsa mwana kumamupunthwitsa. Kevin Korchinski, amene anasankhidwa ndi mpata wochokera pa malonda a DeBrincat, anasewera masewero 76 mu NHL ali ndi zaka 19, koma chaka chotsatira anakhala nthawi yaitali ku Rockford IceHogs, timu yolelerako osewera a Chicago, kuti akakonze zofooka zake. Mbaliyi imakumbutsanso kuti NHL imaika malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse, ndipo mu sizoni ya 2025/26 malirewo anali madola 95.5 miliyoni. Kupereka kontirakiti yaitali kwa wosewera wazaka 30 lero kungadzatseke malo pamene achinyamata adzafune malipiro awo. Frank Nazar anasaina kontirakiti ya zaka zisanu ndi ziwiri mu August 2025, ndipo kontirakiti yoyamba ya Bedard inali yoti ithe mu 2026. Choncho Davidson sanagule katswiri wamkulu sizoni ya 2025/26 isanayambe. Wodziwika amene anabwera anali Andre Burakovsky wochokera ku Seattle Kraken, pomwe Frondell anatsala kwawo ku Sweden kuti akhwime.

Mbiri ya Chicago yomweyo ingathe kuweruza mkanganowu, ngakhale siikomera mbali imodzi. Toews anasankhidwa mu 2006 ndipo Kane mu 2007. Atsogoleri a nthawi imeneyo sanadikire zaka zambiri. Mu 2008 anagula wotchinga kumbuyo Brian Campbell, mu 2009 timu inafika mu ndime yachiwiri kwa yomaliza, kenako anagula Marian Hossa, ndipo mu 2010 chikho chinabwera koyamba kuchokera mu 1961. Izi zikugwirizana ndi amene akufuna changu. Komabe pamene Kane ankafika, Keith ndi Brent Seabrook, amene anasankhidwa mu 2002 ndi 2003, anali atazolowera kale ligi. Ndalama zinaikidwa pamaziko amene anali atauma. Pamene sizoni ya 2025/26 inkayamba, otchinga kumbuyo amene ankayembekezeka kusenza timu, Levshunov ndi Sam Rinzel, anali asanamalize ngakhale sizoni imodzi yathunthu mu NHL.

Apa m'pamene zikuonekera kuti mbali zonse zikunena zoona, koma za nthawi zosiyana. Kugula akatswiri mu 2023 kukanakhala kutaya ndalama. Kukana kugula mu 2026, pamene Bedard adzakhale akulowa chaka chachinayi, kudzakhala kovuta kufotokoza. Sizoni ya 2025/26 ndiyo inali yoyenera kuonetsa amene mwa achinyamatawa ndi maziko enieni, ndipo zimenezi sizingadziwike ngati magulu akusinthidwa sabata iliyonse. Ntchito yoyamba ya Blashill inali kupezera Bedard anzake okhazikika ndi kupatsa Nazar gulu lakelake, kuti adani asamangolondera munthu mmodzi.

Blashill amaidziwa njira imeneyi. Anaphunzitsa Detroit Red Wings kuyambira 2015 mpaka 2022, nthawi imene timuyo inkamangidwanso, ndipo analowa m'chipulula m'chaka choyamba chokha. Ku Chicago panalibe amene ankamufunsa chikho. Ochemerera a m'bwalo la United Center ankafuna kuona kuti pofika March 2026 masewero akadali ndi tanthauzo, komanso kuti mwezi umenewo timu yawo sidzakhalanso ikugulitsa osewera ake abwino. Ngati zimenezi zilephereka, funso silidzakhalanso lakuti ndani asewere pambali pa Bedard. Lidzasamukira ku ofesi ya Davidson ndi kwa Danny Wirtz, amene banja lake ndilo eni timuyi.