Malire a memori poyesa mapulogalamu ayenera kupimidwa

Mapulogalamu ang'onoang'ono amene munthu amawalamula potayipa mawu pa kompyuta, monga sort imene imasanja mizere ya m'fayilo ndi cut imene imadula zigawo za mzere uliwonse, amadutsa m'mayeso odziyendera okha nthawi zonse pamene olemba asintha kanthu. Mayesowo amaipatsa pulogalamu ntchito yodziwika n'kuona ngati yankho latuluka loyenera, koma ambiri salabadira kuchuluka kwa memori imene yadyedwa, ndiye kuti malo amene kompyuta imasungamo zinthu zimene ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo. Vuto lake n'lakuti pulogalamu imene imayamba yameza fayilo yonse isanagwire ntchito imakhoza mayeso pa makina amphamvu a wolemba, koma ikakumana ndi fayilo yaikulu pa kompyuta yakale ya memori yochepa, imaimitsa zonse, ndipo wovutika ndi munthu amene alibe ndalama zogulira makina ena.

Njira yodziwika kwambiri yoyesera zimenezi pa Linux ndi lamulo la ulimit -v, limene limaikira pulogalamu malire a memori imene ingapemphe, ndipo mu bash, pulogalamu yolandira malamulo otayipidwa, nambala yake imawerengedwa m'magulu a mabayiti 1024. Pulogalamu ikapempha zopitirira malirewo imakanizidwa, koma imakhalabe yamoyo, choncho woyesa amatha kuona khalidwe lake pa nthawi yovuta: ngati ikunena momveka kuti memori yatha n'kutseka mwadongosolo, kapena ikungogwa n'kusiya fayilo yolembedwa theka. Mbali imeneyi ndi yofunika koposa, chifukwa mizere ya pulogalamu yosamalira kutha kwa memori siiyenda masiku onse, ndipo ngati mayeso sakuifikira ndiye kuti palibe amene anaionapo ikugwira ntchito.

Komabe ulimit -v sipima memori imene pulogalamu ikugwiritsadi ntchito. Imapima malo amene yalembetsa kuti mwina idzawafuna. Kusiyana kwake kuli ngati kwa munda umene mfumu yagawira munthu ndi gawo limene munthuyo walimadi chaka chino. Mapulogalamu olembedwa m'zinenero za Java kapena Go amalembetsa malo aakulu akangoyamba ngakhale asanagwire ntchito iliyonse, ndipo AddressSanitizer, chida chofufuzira zolakwika za memori, imalembetsa matelabayiti ambirimbiri, moti pulogalamu yoyesedwa nayo singathe n'kuyamba komwe pansi pa malire otere. Wina angaganize zothawira ku ulimit -m, imene dzina lake limasonyeza kuti ndi ya memori yogwiritsidwadi ntchito, koma Linux ya masiku ano siitsatira, kotero mayeso odalira iyoyo amakhoza nthawi zonse popanda kuyesa kanthu, chimene chili choopsa kuposa kusowa mayeso chifukwa chimapatsa anthu chidaliro chabodza.

Njira yachiwiri ndi cgroups, luso loika mapulogalamu m'magulu okhala ndi malire awoawo, limene akatswiri a ku Google anayambitsa mu 2006 ndipo linalowa mu Linux 2.6.24 mu 2008. Mapulogalamu monga Docker ndi systemd amadalira lusoli, ndipo limawerenga memori yogwiritsidwadi ntchito, koma chilango chake n'china: gulu likadutsa malire ndipo palibe chimene chingabwezedwe, Linux imapha pulogalamu ndi chizindikiro cha nambala 9, chimene pulogalamu singachikane kapena kuchiyankha, ndipo woyesa amangolandira nambala 137, kutanthauza 128 kuphatikiza 9. Motero njirayi imayankha funso lakuti kodi pulogalamu ikukwana mu memori yakutiyakuti, koma siinena chilichonse za ulemu wake ikakanizidwa, ndipo amene amasakaniza mafunso awiriwa amatsala ndi mayeso osadziwika chimene akutsimikiza.

Nanga nambala ya malire ichokere kuti? Apa olemba GNU coreutils, gulu la mapulogalamu limene muli sort, cut ndi dd, anachita zoyenera kutengera. M'malo molemba nambala imodzi yoti igwire pa makina onse, mayeso awo amayamba ayendetsa pulogalamuyo pa ntchito yaing'ono, n'kumasintha malire mpaka atapeza ochepetsetsa amene ingayende nawo pa makinawo, kenaka amawonjezera pang'ono ndi kuipatsa ntchito yaikulu. Ngati pulogalamu ikuwerenga fayilo pang'onopang'ono monga iyenera, imakhoza. Ngati memori yake ikukula molingana ndi kukula kwa fayilo, imalephera, ndipo kulepherako kumaloza cholakwa chenicheni. Nambala yongoganizira imalakwa mbali zonse ziwiri, pakuti ikachepa mayeso amalephera pa makina ena popanda chifukwa mpaka olemba amatopa n'kuwazimitsa, ndipo ikakula kwambiri cholakwa chimadutsa osaoneka.

Phindu la kupima koteroku laonekanso pamene anthu ena alembanso mapulogalamu omwewa m'chinenero cha Rust, pa ntchito yotchedwa uutils, imene Ubuntu 25.10, mtundu wina wa Linux, inayamba kugwiritsa ntchito m'malo mwa GNU coreutils. Olemba uutils amayesa ntchito yawo ndi mayeso a GNU, ndipo popeza pulogalamu ya Rust siyamba ndi memori yofanana ndi ya GNU yolembedwa m'chinenero cha C, malire opimidwa pa pulogalamu imene ikuyesedwayo ndi amene angaweruze mbali zonse mwachilungamo. Chotsala n'chakuti makina a macOS ndi Windows ali ndi njira zawo zoikira malire, choncho mayeso oterewa ayenera kuyamba atsimikiza kuti malirewo akugwiradi ntchito, ndipo pamene sakugwira alembe poyera kuti adumphidwa, asawerengedwe pamodzi ndi amene akhoza.