Mwana agwire ntchito ya mudzi, koma abwerere ndi nzeru

Nyengo ya dzinja ikafika, m'midzi yambiri ya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga ana amapita ku sukulu atanyamula khasu pamodzi ndi kope. Makolo ena amangoyang'ana. Ena amadandaula kuti mwana anamutumiza kukaphunzira, koma akubwera madzulo ndi matuza m'manja atapalira munda wa munthu wina. Dandaulo limeneli ndi loona. Komabe kuchotseratu ntchito za manja pa sukulu kungakhale kulakwa. Chofunika ndi chakuti ntchitoyo ithandize mudzi wonse, ndiponso mwana aphunzirepo kanthu.

Nkhani yophatikiza maphunziro ndi kutumikira anthu inayamba kalekale, ndipo maiko ambiri anaiyesapo. Ku Mexico, mu 1936, ophunzira udokotala anayamba kutumizidwa kumidzi yopanda chipatala kuti akathandize odwala asanalandire digiri yawo. Ku Cuba, mu 1961, achinyamata pafupifupi 100,000 anapita kukagona m'nyumba za alimi, masana akulima nawo, usiku akuwaphunzitsa kuwerenga pa nyale. Chaka chimenecho anthu oposa 700,000 anadziwa kulemba ndi kuwerenga. Ku Maryland, m'dziko la Amereka, anakhazikitsa lamulo mu 1992 lakuti mwana asamalize sekondale asanatumikire anthu a kwawo maola 75.

Kuno ku Africa nakonso zinachitika. Julius Nyerere wa ku Tanzania analamula mu 1967 kuti maphunziro akhale ophunzitsa kudzidalira, ndipo sukulu zinatsegula minda ndi makola. Maganizo anali abwino, koma m'malo ambiri ana ankangolima, pamene mayeso ankafunsa za m'buku zokha. Mapeto ake khasu ndi buku zinakhala ngati anthu awiri osalankhulana. Anthu a m'malire muno amene anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu pa nthawi ya nkhondo akukumbukira Sabata ya Achinyamata ya nthawi ya Kamuzu, pamene ana ankakonza misewu ndi milatho ndi kuumba njerwa. Misewu inakonzekadi, koma panalibe wofunsa mwana chimene waphunzira, ndipo wokana ankaopa. Ku Moçambique, pa 8 Marichi 1977, Samora Machel anaitana ophunzira akuluakulu kuti asiye kaye maphunziro awo akatseke mipata imene atsamunda anasiya, ndipo ambiri anakhala aphunzitsi. Dziko linapindula, koma ena mwa iwo anataya ntchito imene ankailakalaka.

Zonsezi zikusonyeza chinthu chimodzi. Pamene ntchito inalumikizana ndi phunziro, monga ya wophunzira udokotala amene akupima wodwala, mudzi unapindula ndipo wophunzira anakula nzeru. Pamene ntchito inangokhala yokakamiza, inasanduka thangata. Agogo amene anaona chibalo cha atsamunda sangasekerere kuona mdzukulu akugwira ntchito yopanda malipiro pamene sakuona phindu lake, ndipo palibe angawadzudzule.

Mpata wochita bwino unatsegulidwa kale. Mu 2004, pamene maphunziro a pulaimale anakonzedwanso, boma linapatula gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi yophunzira kuti likhale la zinthu za m'dera la sukuluyo, zosankhidwa mogwirizana ndi anthu a m'mudzi. Nthawi imeneyi ndiyo yoyenera ntchito yotumikira mudzi.

Ntchito zake sizisowa. Mlimi wa mbatata ya kachewere amagulitsa kwa ogula a mbali zonse ziwiri za malire, wina akulipira metikali, wina kwacha. Ana a kalasi 6 atapita pa msika ndi mphunzitsi wawo, n'kupima thumba pa sikelo, n'kuwerengera mtengo wa kilo m'ndalama ziwirizo, akhala ataphunzira masamu enieni, ndipo amayi awo sadzaberedwanso mosavuta. Ana angathe kuyeza chimanga cha m'nkhokwe pokolola, n'kudzachiyezanso patapita miyezi, kuti mudzi udziwe chimene anankafumbwe amadya. Angathe kufesa mitengo ndi kuibzala pamene madzi akukumba zigwembe, akulemba m'kope kuti yamera ingati, yafa ingati, ndi chifukwa chake. Angathe kuwerengera agogo tsiku lolembedwa pa khadi ya kuchipatala, kapena kulemba m'Chinyanja mbiri ya mudzi monga akuluakulu akuifotokozera. Pa ntchito iliyonse yotere pali kuwerenga, kulemba kapena masamu.

Ena adzanena kuti aphunzitsi ndi ochepa, ana ndi ambiri m'kalasi, ndipo nthawi yotuluka nawo panja palibe. Vuto limeneli lilipodi. Koma nthawi yopalira munda wa mphunzitsi ndi yotola nkhuni za kunyumba kwake imapezeka ndithu m'sukulu zina. Nthawi yomweyo ingathe kupita ku ntchito ya mudzi. Aphunzitsi ambiri ndi okhulupirika ndipo amavutika ndi malipiro ochedwa, koma njala ya mphunzitsi siyenera kulipidwa ndi msana wa mwana.

Choncho bungwe la makolo la pa sukulu, pamodzi ndi mfumu ndi anyakwawa, likhale pansi ndi mphunzitsi wamkulu chaka chikamayamba. Pa ntchito iliyonse afunse mafunso atatu: ipindulira yani, mwana aphunzirapo chiyani, ndipo itenga maola angati. Ntchito isakhale chilango cha wochedwa. Atsikana asamangotumidwa kotunga madzi ndi kusesa pamene anyamata akugwira sikelo ndi cholembera. Ngati munda wa sukulu wakolola, ndalama zake ziwerengedwe poyera pamaso pa makolo, ndipo ana omwe analima ndiwo alembe chiwerengerocho pa bolodi.

M'mera mpoyamba. Mwana amene wazolowera kuona kuti masamu ake ateteza thumba la amayi ake pa msika sadzaona sukulu ngati njira yothawira kumudzi basi. Kholo lililonse limene mwana wake wanyamula khasu m'mawa lili ndi ufulu wopita ku sukulu kukafunsa kuti khasulo likukalima munda wa yani.