Musamapepese chifukwa cha nkhwani

"Pepani alamu, mwatipeza tsiku loipa, lero ndiwo palibe." Anatero mlamu wanga Lamlungu lapitali poika mbale patebulo, maso ali pansi ndi manyazi. Nditavundukula ndinapeza nkhwani wosadzula bwino, wotendera, nsinjiro yake yachita kukwanira. Pambali pake panali nyemba zofiira zimene zinapsa mpaka msuzi kulemera, ndiponso nsima ya mgaiwa. Titasamba m'manja, mwana anabwera ndi magwafa othyola mumtengo wa kuseri kwa nyumba. Chakudya chimenechi ndicho mlamu wangayo ankapepesera, ndipo zinandiwawa mumtima.

Tonse tikudziwa chimene ankatanthauza. Kwathu kuno mlendo timamuphera nkhuku, ndipo ulemu umenewo sinditsutsana nawo. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti manyazi amenewa alowa mpaka m'mbale ya tsiku ndi tsiku. Munthu akangoyamba kugwira kandalama, choyamba kuchoka pakhomo pake ndi masamba. M'mawa buledi woyera ndi polone, masana tchipisi cha pachiwaya, madzulo soseji, chotsitsira n'chakumwa cha shuga cha m'botolo. Bonongwe, chisoso ndi luni timati ndi ndiwo za anthu osauka. Masuku ndi masau timati n'za ana. Bambo wa taye simungamuone akudya malambe pagulu, ngakhale anakulira pansi pa mtengo wake.

Chonsecho bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti munthu wamkulu azidya masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 patsiku, ndiye kuti pafupifupi manja asanu odzaza. Mbatata, chinangwa ndi kachewere sizilowa m'chiwerengerochi, choncho wa tchipisi uja asadzinamize kuti wadya zakumunda. Tayang'anani mbale yanu madzulo ano. Ambirife timaika nsima mitanda itatu, ndipo masamba amangokhala kachidutswa m'mphepete, kongopatsira pakhosi.

Nkhani ya gaga ndiyo imandikhudza kwambiri. Denis Burkitt, dokotala wochokera ku Ireland amene anagwira ntchito zaka zambiri pachipatala cha Mulago ku Kampala, anaona kuti khansa ya m'matumbo, yomwe inkapha anthu ambiri ku Britain ndi ku America, inkapezeka mwa apo ndi apo pakati pa anthu akumudzi ku Africa. M'zaka za m'ma 1970 iye anayenda m'mayiko ambiri kuphunzitsa kuti kusiyanaku kwagona pa mbali ya chakudya imene thupi siligaya: madeya a chimanga, makoko a nyemba, ulusi wa masamba ndi wa zipatso. Zimenezi zimafulumizitsa zoipa kutuluka, komanso zimadyetsa tizilombo tabwino ta m'matumbo. Ndiye ife madeya omwewo timakonola n'kupatsa nkhumba ndi nkhuku, tokha n'kutsala ndi ufa woyera mbee, n'kumati tatukuka.

Mu 2015 ofufuza anasindikiza zotsatira za kafukufuku amene aliyense wonyoza mgaiwa ayenera kumumva. Anatenga anthu 20 akuda a mumzinda wa Pittsburgh ku America ndi anthu 20 a m'midzi ya ku KwaZulu-Natal ku South Africa, n'kuwasinthanitsa zakudya kwa milungu iwiri yokha. A ku America anapatsidwa zachimanga, nyemba, masamba ndi zipatso, pomwe a kumudzi anapatsidwa soseji, tchipisi ndi nyama yamafuta. Atawaunika m'matumbo, anapeza kuti zizindikiro zimene zimatsogolera ku khansa zachepa mwa a ku America, koma zachuluka mwa a kumudzi aja. Masabata awiri basi! Nanga ife amene tasintha kadyedwe kwa zaka makumi awiri, m'matumbo mwathu mukuchitika zotani?

Chaka chomwecho bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe likulu lake lili ku Lyon m'dziko la France, linaika soseji, polone ndi nyama zina zosungidwa ndi mchere, utsi kapena mankhwala m'gulu la zinthu zimene umboni ulipo wokwanira kuti zimayambitsa khansa. Linati kudya magalamu 50 a nyama yotere tsiku lililonse, omwe ndi ngati soseji imodzi, kumakweza chiopsezo cha khansa ya m'matumbo ndi pafupifupi 18 peresenti. Soseji ya paukwati siingakupheni, vuto ndi ya tsiku ndi tsiku, imene timalongedzera ana popita kusukulu poganiza kuti tikuwaonetsa chikondi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mwambi womwewu ukuwakhudzanso aja amakwera m'mabasi ndi zikwama zodzaza mabotolo, n'kumalalikira kuti kapisozi wawo ali ndi mphamvu ya zipatso makumi atatu, amachotsa makwinya, amasungunula chotupa. Anthu amenewa ndinayamba kalekale kudandaula nawo. Ndaonapo mayi wachikulire akumasula mfundo ya chitenje, n'kupereka ndalama imene ikanagula mapapaya ndi nthochi za mwezi wathunthu. Ubwino wa chipatso sungatsekeredwe m'botolo. Ku Finland anayesapo kupatsa amuna osuta fodya mapiritsi a beta-carotene, chinthu chimene chimapatsa karoti ndi maungu mtundu wachikasu, pa kafukufuku wa anthu oposa 29,000. Zotsatira zitatuluka mu 1994, zinaonetsa kuti khansa ya m'mapapo inachuluka mwa amene ankamwa mapiritsiwo. Dzungu lenileni silinachitepo munthu zimenezo.

Koma tisapitirire muyezo n'kuyamba kunena kuti masamba ndi mankhwala a khansa. Bodza limenelo latayitsa miyoyo ya anthu amene anachedwa kupita kuchipatala akumwa madzi a masamba kunyumba. Khansa ya khomo la chiberekero, imene ikutha amayi ambiri m'Malawi muno, imayamba ndi kachilombo ka HPV, ndipo chitetezo chake ndi katemera, amene boma linayamba kupereka kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019, komanso kukayezetsa msanga. Pa khansa ya kummero dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene ali patsogolo padziko lonse. Kusowa kwa zipatso ndi masamba kumatchulidwa pa zifukwa zake, koma pali fodya, kachasu, utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera, ndiponso chizolowezi chathu chomwa tiyi ndi phala zikadali moto. IARC yomweyo inachenjeza mu 2016 za zakumwa zotentha kuposa madigiri 65. Mbale ya masamba imachepetsa chiopsezo, makamaka cha khansa ya m'kamwa, ya kummero ndi ya m'matumbo, koma siingafafanize ndudu ndi botolo.

Ngakhale nsinjiro imene ndayamikira ija ili ndi pake. Tili ndi khalidwe losankha mtedza wabwino kupita nawo kumsika, wofota ndi wachuku n'kuusinja kuti tidye tokha. Chuku cha mtedza ndi chimanga chosauma bwino chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo kuphika sikumupha. Mtedza woola ndi wa kudzala, ngakhale utaoneka wochuluka bwanji m'lichero.

Za ukalamba, imvi zidzabwera ndithu, mudye bonongwe kapena musadye. Funso ndi lakuti zidzakupezani muli pati, kumunda ndi khasu kapena pamphasa mutafa ziwalo. Apa umboni ndi wolimba kuposa wa khansa. Kafukufuku wa ku America wotchedwa DASH anaonetsa mu 1997 kuti chakudya chochuluka zipatso ndi masamba chimatsitsa kuthamanga kwa magazi m'milungu yowerengeka, ndipo BP ndiyo imabweretsa sitiroko ndi matenda a mtima. Onjezanipo kuchepetsa mchere, womwe WHO imati usafike magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi. Tonse tili ndi agogo kumudzi amene akuyendabe mtunda kupita kutchalitchi, pomwe ana awo m'tauni ayamba mapiritsi a BP ndi shuga asanakwanitse zaka makumi asanu. Agogowo amagwira ntchito ndi thupi, inde, komanso m'mbale mwawo simusowa khwanya, kholowa, chigwada kapena chitambe.

Pophika paja tisamaononge zimene tapeza. Masamba owiritsa mpaka kuda bii, madzi ake n'kutaya, ataya mavitamini ambiri. Soda ndi chidulo zimene timathira mu therere zimaphanso ena. Ndipo luso lofutsa lisathe. Amayi athu ankayanika nkhwani ndi chitambe nthawi yamvula, n'kumanga m'zikwatu, kuti mu Okutobala dzuwa likaswa mtengo pakhomo pasasowe ndiwo. Lero mtsikana wa m'tauni akamva za mfutso amakwinya nkhope.

Dandaulo langa lalikulu ndi mitengo. Manachesi a ku Mwanza, zinanazi za ku Mulanje, masau a ku chigwa cha Shire, masuku amene amadzaza m'mabeseni m'mbali mwa msewu mvula ikayamba, dziko lino linadalitsidwa. Koma mu Disembala mango amaolera pansi, ntchentche zili ng'waa, kenako miyezi ingapo imadutsa mwana osalawa chipatso. Misuku tikuitentha makala. Mango akuluakulu amene anabzala agogo tikuwagwetsa kuti tiotchere njerwa. Amene wamanga m'tauni amathira simenti bwalo lonse, osasiya ngakhale malo a papaya mmodzi, chonsecho papaya amabereka chaka chisanathe kapena chitangotha kumene. Kenako timadandaula kuti zipatso zadula, tikuloza maapulo ochokera ku South Africa m'sitolo.

Nyengo yobzala mitengo ikafika, akuluakulu amajambulitsa atagwira mbande za bulugamu ndi kesha. Ndikupempha aphunzitsi aakulu, mafumu ndi makomiti a sukulu kuti chaka chino theka la mbandezo likhale la magwafa, mapeyala, mango ndi malalanje, ndipo kalasi iliyonse ipatsidwe mitengo yake yothirira mpaka idzabereke.