Tenda ya Boma Isasanduke Matenda a Dziko

Galimoto iliyonse yoyenda pa mseu wa pakati pa Lusaka ndi Kafue imaima pa cipata ca Shimabala ndi kulipira msonkho wa mseu. Zakhala conco kuyambira m'caka ca 2017. Ndalama zake zimapita ku thumba la miseu losungidwa ndi bungwe la National Road Fund Agency, ndipo bungwe la Road Development Agency ndilo limapereka nchito za miseu kwa makontrakita. Mlimi wonyamula matimati kupita nawo ku msika wa Soweto mwina alibe ngakhale njinga, koma msonkho umenewu amaulipira ndithu, pakuti mwini basi amauphatikiza pa mtengo wa ulendo. Motero pamene Boma likambirana ndi makampani opikisana pa tenda, ndalama zimene zili pa tebulo ndi za mlimi ameneyu.

Kukambirana pakokha si cinthu coipa. Wogula ng'ombe aliyense amanenerera mtengo, ndipo Boma limene silinenerera ndi Boma la manja olobodoka. Coipa ndi kukambirana kwa mseri. Makalata a opikisana akatsegulidwa, mitengo ya onse imadziwika. Wanchito wa Boma akaitana kampani imodzi yokha m'cipinda, naiuza kuti itsitse pang'ono kuti ipose inzake, kapena akailola kucepetsa nchito itapambana kale, mpikisano wonse wasanduka sewero. Kampani imene inalemba mtengo woona yaberedwa, ndipo anthu a m'midzi adzalandira mseu wa phula lopyapyala umene udzakumbika ndi mvula yoyamba.

Dziko la Zambia silisowa malamulo pa nkhani iyi. M'caka ca 1982 kunakhazikitsidwa Zambia National Tender Board. Lamulo la 2008 linaika m'malo mwake bungwe la Zambia Public Procurement Authority, ZPPA mwacidule, ndipo m'caka ca 2020 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo latsopano, la nambala 8. Dongosolo lake ndi lomveka. Ofesi yogula ikasankha wopambana iyenera kulengeza dzina lake, ndi kudikira masiku oikika isanasaine pangano, kuti wogonja amene waona cinyengo akadandaule ku ZPPA. Lamulo la 2020 linaonjezanso cinthu cacikulu: mtengo wa wopambana uyenera kuyerekezedwa ndi mitengo ya pa msika, kuti Boma lisagule khasu pa mtengo wa pulawo.

Cimene cinaphunzitsa dziko kufunika kwa mfundo imeneyi sicinaiwalike. M'caka ca 2017 Unduna wa Maboma Aang'ono unalandira galimoto zozimira moto 42 zogulidwa kudzera ku kampani ya Grandview International pa mtengo wa madola 42 miliyoni, ndiko kuti miliyoni imodzi pa galimoto iliyonse. Anthu atafunsa, yankho la akuluakulu linali lakuti njira zonse za tenda zinatsatidwa. Laura Miti, woimba Pilato ndi anzawo anagwidwa ndi apolisi pocita cionetsero ku Nyumba ya Malamulo mu September 2017, ndipo khoti linawapeza osalakwa m'caka ca 2018. Mu November 2020 Zambia inalephera kulipira ciwongoladzanja ca ngongole yakunja ca madola 42.5 miliyoni. Galimoto zija sindizo zokha zinagwetsa dziko m'ngongole, koma woika ziwerengero ziwirizi pamodzi adzaona yekha kulemera kwa tenda imodzi. Mapepala angakhale oongoka pamene mtengo uli wokhota.

Citsanzo cina ndi mseu waukulu wa Lusaka kupita ku Ndola. M'caka ca 2017 nchito yake inapatsidwa kwa kampani ya China Jiangxi pa mtengo wa madola 1.2 biliyoni. Pangano limenelo linathetsedwa, ndipo m'caka ca 2023 Boma linasaina lina la zaka 25 ndi gulu la Macro Ocean Investment Consortium pa madola pafupifupi 650 miliyoni, ndalama zodzabwezedwa ndi misonkho ya pa zipata. Oikira kumbuyo pangano loyamba amati nchito za m'mapangano awiriwa sizinali zofanana. Oikira kumbuyo laciwiri amati loyamba linali lofufuma. Mkangano wotere umatha msanga pamene zokambirana zonse zalembedwa ndi kuikidwa poyera, kuti munthu aliyense ayerekeze kilomita ndi kilomita, mlatho ndi mlatho.

Pali akuluakulu ena amene amati madandaulo a ogonja amacedwetsa citukuko, ndipo mvula siyembekeza mlandu. Mawu amenewa ndi okoma m'khutu, koma alibe mutu. Kudikira masiku owerengeka pangano lisanasainidwe kulibe mtengo. Kuthetsa pangano litasainidwa kale kumabala milandu ya zaka ndi malipiro a cipepeso, mseu uli cikhalire ndi maenje ake. N'zoona kuti alipo makontrakita a njiru amene amadandaula popanda umboni. Mankhwala awo ndi kuwamvera msanga ndi kuwayankha ndi zifukwa zolembedwa. Kutseka pakamwa wodandaula aliyense cifukwa ca anjiru ocepa kuli ngati kutentha nkhokwe pofuna kupha khoswe.

Nkhani iyi tsopano yafika pa khomo la munthu wa kumudzi. Thumba la citukuko la CDF linakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu m'caka ca 2022, ndipo linafika pa K36.1 miliyoni m'caka ca 2025. Zipinda za sukulu, zipatala zazing'ono, mijigo ndi madesiki zimagulidwa ndi ndalama zimenezi kudzera m'makhonsolo, kuphatikizapo la Kafue. Opikisana ake si makampani akutali okha ayi. Ndi amisiri a m'dera, magulu a amayi ndi anyamata amene analembetsa makampani awo dzulodzuloli. Mmisiri wotere akagonja kawiri osauzidwa cifukwa, kacitatu sabweranso, ndipo bwalo limatsalira odziwana ndi akuluakulu okhaokha.

Cotero atsogoleri a nthambi ndi a m'makomiti a citukuko a m'mawodi ali ndi udindo wofunsa zinthu zinayi pa tenda iliyonse ya m'dera lawo. Maina a opikisana ndi mitengo yawo aikidwe pa bolodi la khonsolo. Kukambirana kucitike ndi wopambana yekha, pamaso pa komiti, ndipo mawu onse alembedwe. Kukula kwa nchito kusasinthidwe mwakabisira mpikisano utatha. Wogonja auzidwe cifukwa cake, ndipo dandaulo lake limvedwe ndi anthu ena, osati omwe aja anapereka tenda, pakuti khoswe wa pa mkhate sapheka.

Wanchito wa Boma wa manja oyera alibe coopa pa zinayi zimenezi. Amene akwiya nazo afunsidwe pa msonkhano wa anthu onse cimene akubisa.