BP ya pamkono siiona zimene zikuchitika m'mapapo

Masiku ano kuyeza BP kwafika ponseponse. Kufamase amayeza, a zaumoyo akabwera kutchalitchi amayeza, ena anachita kugula kamakina kawo kunyumba. Nzabwino ndithu. Koma pali BP ina imene lamba wa pamkono uja sangaione ngakhale mutamumanga mothina bwanji. Ndi BP ya m'mitsempha ya m'mapapo, imene madokotala amaitchula pulmonary hypertension, ndipo ena mwa amene imawapeza ndi anthu akuluakulu omwe anabadwa ndi vuto la mtima.

Pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse amabadwa ndi vuto pa kapangidwe ka mtima. Nthawi zambiri limakhala bowo pakati pa zipinda za mtima, kapena mtsempha umene umayenera kutsekeka mwana akangobadwa koma wakhalabe wotseguka. Bowo likakhala lalikulu, magazi opitirira muyeso amakankhidwira kumapapo, chaka ndi chaka. Mitsempha ya kumeneko imakhuthala, njira n'kuchepa, ndipo mbali ya kumanja ya mtima imayamba kukankha movutikira. Mapeto ake magazi ena amatembenuka, n'kumadutsa pabowo lija chobwerera asanatenge mpweya. Apa mpamene milomo ndi zikhadabo zimaderapo. Kwa ife akhungu lakuda zimaonekera bwino palilime ndi m'nkhama, ndipo nsonga za zala zimafufuma. Vutoli limatchedwa Eisenmenger, dzina la dokotala wa ku Vienna amene analifotokoza mu 1897.

Chondiwawa ine nchakuti munthu akafika pamenepo, opaleshoni yotseka bowo ija siithandizanso. Imatha kumupha kumene, chifukwa bowolo ndi limene latsala kupeputsira mtima katundu. Ndiye nthawi imene vutoli lapezekera imatanthauza zambiri.

Zizindikiro zake n'zonyenga. Mnyamata wa zaka 24 akamachita wefuwefu pokwera kachitunda, anzake amati ndi ulesi. Mtsikana akamatopa msanga, kunyumba amati magazi achepa, adye bonongwe. Kuchipatala maganizo oyamba amathamangira ku mphumu kapena TB, ndipo sindingawadzudzule, popeza matendawa ndi amene amakumana nawo tsiku lililonse. Koma zaka zimatha chonchi.

Njira yotsimikizira matendawa ndi kulowetsa kachubu mumtsempha wa pakhosi kapena m'chinena mpaka kukafika kumtima, n'kuyeza mphamvu ya magazi komweko. Malangizo a akatswiri a ku Ulaya a 2022 amati ikadutsa 20 mmHg ndiye kuti vuto lilipo. Kuyeza kotereku kumafuna chipinda chapadera ndi akatswiri, ndipo sikungachitidwe kwa aliyense amene wangodandaula phuma.

N'chifukwa chake ine ndikuti tiike mtima pa njira zosaboola thupi. Yaikulu ndi echo, kujambula mtima ndi makina a mtundu womwe uja amajambulira amayi oyembekezera. Palibe jakisoni, palibe kugonekedwa. Wojambula amaona kukula kwa mbali ya kumanja ya mtima, n'kuyeza liwiro la magazi amene akudontha chobwerera pa kachitseko ka mbali imeneyo. Liwiro likapitirira mamita 2.8 pa sekondi, amayamba kukayikira. Pamwamba pa echo pali ECG, pali kachipangizo kopanira pachala kaja tinakadziwa nthawi ya Covid-19, komanso kuyendetsa wodwala kwa mphindi 6 n'kuona mtunda umene wakwanitsa. Echo imangoyerekeza, imatha kuphonya, makamaka pa mtima umene kapangidwe kake n'kosokonekera kale. Ntchito yake ndi ya sefa: kusankha amene akufunikadi kachubu kaja.

Ndipo makinawa sakufunanso chipinda chonse. Alipo ogwira m'manja, monga Butterfly iQ ndi Philips Lumify, amene chithunzi chake chimatuluka pa foni ngati imene mwagwirayo. Mu 2022 maiko a mu Africa omwe ali m'bungwe la WHO anagwirizana ku Lomé, m'dziko la Togo, za ndondomeko ya PEN-Plus, yofikitsa chithandizo cha matenda aakulu osapatsirana, kuphatikizapo a mtima, kuzipatala za m'maboma. Ku Neno ntchito yotereyi inayamba kale. Ndiye sitikupempha za kumwezi ayi. Tikupempha kuti ma clinical officer ambiri aphunzire kujambula mtima, ndi kuti aliyense wodziwika kuti anabadwa ndi vutoli akhale ndi tsiku lojambulidwa lolembedwa m'buku lake la kuchipatala. Izi zikukhudzanso amene anachitidwa opaleshoni ali ana, kaya ku India kaya kwina. Makolo ambiri amati zinatha, koma BP ya m'mapapo imatha kudzatulukira patapita zaka bowo litatsekedwa.

Ena afunsa: nanga kupeza matenda amene sungawachize kuli ndi phindu lanji? Funso lomveka, koma yankho lilipo. Ena amapezeka bowo likadali lotheka kutseka. Ena amapatsidwa mankhwala otakasa mitsempha ya m'mapapo, monga bosentan ndi sildenafil. Eya, sildenafil yemwe uja mumamudziwa ndi dzina la Viagra, koma apa amaperekedwa ndi dokotala pa muyeso wake, osati kukagula nokha.

Kwa atsikana nkhaniyi ndi ya moyo ndi imfa. Mimba imachulukitsa magazi m'thupi, ndipo mtima wotopa kale umalephera kupirira. Mwa amayi 100 a Eisenmenger amene atenga mimba, pakati pa 20 ndi 50 amamwalira, ambiri pobereka kapena masiku otsatira. Mapilitsi olera okhala ndi estrogen nawonso sawayenera, chifukwa amawonjezera ngozi ya kuundana kwa magazi. Mtsikana wotere ayenera kumva zimenezi asanatenge pakati, osati kukazimvera kusikelo mimba ili ya miyezi 6.

Ngati muli mwana munkadwaladwala chifuwa, afunseni makolo anu ngati dokotala anatchulapo za phokoso lachilendo pamtima. Akavomera, ndipo masiku ano mpweya ukukutherani msanga, kanene mbiri imeneyo kuchipatala momveka bwino, mufunse kumene mungajambulitse mtima.