Injini yapakati, magiya a pamanja: galimoto ya mlimi wa kunyanja

Nyengo yogulitsa zokolola ikafika, ndalama ikalowa m'thumba, maganizo a alimi ndi asodzi ambiri kuno ku Mangochi amathamangira pa galimoto. Sindikuwadzudzula ayi. Amene anagonapo pamsewu ndi matumba a nandolo kudikira matola, kapena amene usipa wake unanyowa ndi mvula chifukwa lole ya hayala inachedwa, akudziwa chimene munthu amafunira mawilo akeake. Galimoto yatsopano ndi ya mabungwe ndi makampani. Ife timagula yogwirapo kale ntchito, ndipo ambiri timafuna ya dizilo chifukwa imakoka katundu komanso siimwa mafuta ngati ya petulo.

Ndikamayendera alimi ku Namwera, ku Chilipa kapena kwa Nankumba, funso limene limabwera tikatha kukamba za mbewu ndi ili: "Alangizi, ndigule ya injini yaikulu bwanji? Nanga pakati pa otomatiki ndi manyuwo, yabwino ndi iti?" Ntchito yanga ndi ya nthaka ndi mbewu, koma ndaona phindu la m'munda likuthera m'galaja, choncho nkhaniyi ikundikhudza. Maganizo anga ndi awa: mlimi wa kuno afune pikapu ya injini ya pakati pa malita 2.5 ndi 3.0, ya magiya osintha pamanja, yomwe makaniko wa pa Mangochi boma akuidziwa mkati ndi kunja. Ndifotokoze zifukwa.

Yambani mwawerenga matumba

Nambala imene imalembedwa pambali pa galimoto kapena m'mapepala, monga 2.5 kapena 2500cc, imanena kukula kwa zipinda za injini m'mene mafuta amapsera, mukaziphatikiza zonse. Ambiri amayamba kufunsa nambalayi. Ine ndikuti yambani ndi katundu wanu. Pikapu ya tani imodzi imayenera kunyamula matumba 20 a makilogalamu 50. Timalole tating'ono ta Mazda Bongo ndi Nissan Vanette timanyamula kuyambira matumba 17 kufika 20, malinga ndi mtundu wake. Canter ya matani awiri imanyamula matumba 40. Ngati pa chaka mumakolola matumba 200, pikapu ikukwanani. Ngati mumagula chimanga m'midzi n'kumakagulitsa ku Limbe sabata iliyonse, mukufunika lole, ndipo musavutitse pikapu.

Chachiwiri ndi msewu. Kuchokera ku Monkey Bay kudzera pa boma mpaka ku Ulongwe ndi ku Liwonde ndi tala, ndipo mitunda yake ndi yosadetsa nkhawa. Bongo ya injini ya 2.0 kapena 2.2 imagwira bwino ntchito pamenepa, ndipo amalonda a nsomba ambiri apeza nayo phindu. Koma mukawoloka mlatho wa Bakili Muluzi kulowera ku Namwera ndi ku Chiponde, muli ndi phiri la Chowe patsogolo panu. Mukatenga njira ya ku Golomoti kuti mukatulukire ku Dedza, Khwekhwelere akukudikirani. Injini yaing'ono itasenza matumba a feteleza pamtunda wotere, mu Okutobala pamene kutentha kuno kumapitirira madigiri 35, imalira mu giya yoyamba mpaka madzi kuwira. Injini ya dizilo ikatentha mopitirira, mutu wake umang'ambika, ndipo ndalama yokonzera ikhoza kufanana ndi ya zokolola za ekala zingapo. Komanso dziwani kuti injini yaing'ono yolemedwa siipulumutsa mafuta, popeza phazi limakhala pansi ulendo wonse.

Kukula si mphamvu

Ena amati ndiye tigule yaikulu zedi. Land Cruiser ya injini ya 1HZ, ya malita 4.2 ndi masilinda asanu ndi imodzi, ndi ngwazi ya matope ndi mchenga, n'chifukwa chake maambulansi ambiri a m'zipatala za kumidzi ndi a mtundu umenewu. Wokhala ku Makanjira, kumene msewu wakhala ukudandaulitsa anthu kwa zaka zambiri, ali ndi chifukwa choisirira. Koma tiyerekeze. Kupita ku Blantyre ndi kubwerako ndi makilomita pafupifupi 380. Tinene kuti pikapu yapakati ikumwa malita 10 pa makilomita 100 alionse, pomwe chigalimoto chachikulucho chikumwa 14. Ndiye kuti wina watha malita 38, mnzake malita 53, pamene matumba amene anyamula ndi ofanana. Pa maulendo 40 pa chaka, kusiyanako ndi malita 600. Chulukitsani ndi mtengo wa dizilo wa lero, mudzionere nokha. Onjezerani matayala aakulu ndi oyilo wochuluka pa sevisi. Ngati mukuitanitsa kuchokera kunja kudzera pa Songwe kapena pa Mwanza, funsani kaye ku MRA, chifukwa msonkho wa galimoto umatengera mtundu wake, zaka zake ndi kukula kwa injini.

Chinanso n'chakuti nambala yaikulu siitanthauza mphamvu zambiri nthawi zonse. Hilux ya injini ya 2KD, ya malita 2.5 koma yokhala ndi turbo, imakoka kuposa Hilux ya injini ya 5L, yomwe ndi ya malita 3.0 yopanda turbo. Turbo imakankhira mpweya wambiri m'injini kuti mafuta apse bwino. Choncho pofunsa, musaime pa "ndi ma cc angati?" Funsani dzina la injini.

Apa ndi pamene alimi tiyenera kusamala. Injini za dizilo zilipo za mibadwo iwiri. Zakale, monga 3L ndi 5L za Toyota, TD27 ya Nissan, 4JB1 ya Isuzu ndi 4D56 yakale ya Mitsubishi, zimagwiritsa ntchito pampu ya makina yomwe amakaniko athu anakulira nayo. Zatsopano, monga za D-4D, zimapopera mafuta mwamphamvu kwambiri kudzera m'mainjekita oyendetsedwa ndi kompyuta. Zimathamanga, sizichita phokoso, sizimwa kwambiri, koma sizigwirizana ndi fumbi kapena madzi m'mafuta. Kuyambira mu 2022 mafuta akhala akusowa nthawi ndi nthawi m'dziko muno, ndipo ambiri a ife tinathirapo dizilo wa m'zigubu amene sitikudziwa kumene wadutsa. Injini yakale imatsokomola n'kupitiriza ulendo. Yatsopano ikhoza kuononga mainjekita onse anayi, ndipo zipangizo zimenezi zimachokera kunja. Kumbukirani kuti kwacha inatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya masipeyala inakwera nthawi yomweyo.

Sindikubisa kuti injini zakalezi zakalamba. Mu 2003 mzinda wa Tokyo ndi madera oyandikana nawo analetsa malole ndi mabasi akale a dizilo otulutsa utsi wambiri, ndipo magalimoto a dizilo a ku Japan a zaka zaposachedwa ambiri amakhala ndi sefa ya utsi yotchedwa DPF. Sefayi imafuna ulendo wautali wothamanga kuti idziyeretse. Galimoto yongoyenda pang'onopang'ono kuchoka kumunda kupita kumsika imaitseka msanga. Choncho ngati mwapeza injini yakale yosamalidwa bwino, itengeni. Ngati mwasankha yatsopano, lumbirani kuti muzithira mafuta pa filing'i siteshoni pokha ndi kusintha sefa ya mafuta nthawi yake isanakwane.

Otomatiki kapena manyuwo?

Magalimoto ambiri ochokera ku Japan ndi a otomatiki, ndipo ogulitsa amawayamikira. Zina zimene amanena ndi zoona. Otomatiki siitopetsa mwendo, ilibe kilatchi yoti dalaivala wophunzira aiotche, ndipo mumchenga wa m'madooko imanyamuka mofewa osakumba pansi. Kwa mphunzitsi kapena mwini golosale amene amayenda pa tala ndi katundu wochepa, ndilibe nayo mlandu.

Koma mlimi ndi wina. Choyamba, giyabokosi ya otomatiki imayendera oyilo wakewake, ndipo oyiloyo amatentha kwambiri galimoto ikamakwera phiri ndi katundu. Kutentha ndiye mdani wamkulu wa giyabokosi imeneyi, ndipo ife tili m'dera lotentha. Chachiwiri, batire ikafooka muli ku Katuli, pikapu yakale ya manyuwo anyamata akhoza kuikankha n'kulira. Otomatiki siilira pokankha, ndipo kuikoka ulendo wautali mawilo ali pansi kumaononga giyabokosi. Chachitatu, kilatchi ikatha, makaniko wa pansi pa mtengo wa mango amaisintha tsiku limodzi. Otomatiki ikayamba kutereka, kawirikawiri yankho limakhala kufuna giyabokosi ina yakale ku Blantyre kapena ku Lilongwe, yomwe simukudziwanso mbiri yake.

Chachinayi ndi moyo wa anthu. Potsika Chowe ndi fodya kapena chimanga, galimoto iyenera kugwidwa ndi injini mu giya yachiwiri, osati ndi mabuleki okha, chifukwa mabuleki akatentha amasiya kugwira. Wa manyuwo amazolowera zimenezi. Otomatiki nayo ili ndi malo olembedwa 2 ndi L a ntchito yomweyi, koma madalaivala ambiri amangosiya pa D kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ngati muli nayo kale otomatiki, muphunzitseni dalaivala wanu lero lomwe.

Mlimi wina wa fodya amene ndimamulangiza anagula galimoto yapamwamba ya otomatiki, ya mipando yachikopa, atabwera kumsika wa fodya ku Limbe. Anachotsa mipando yakumbuyo n'kumanyamuliramo feteleza. Mvula yachiwiri isanagwe giyabokosi inali itatha, ndipo galimotoyo inakhala pamiyala nkhuku zikuikira m'menemo, iye akulipiranso hayala. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Musanapereke ndalama

Pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ndipo fikani m'mamawa injini isanalizidwe. Ikhudzeni kuti mutsimikize kuti ndi yozizira. Yabwino imalira msanga. Yang'anani utsi: wobiriwira ngati mtambo ukutanthauza kuti ikutentha oyilo, woyera wosatha ukhoza kukhala madzi olowa m'injini kapena vuto la mainjekita, ndipo wakuda wochuluka ndi mafuta osapsa bwino. Tsegulani pothirira oyilo injini ikulira. Ngati pakutuluka utsi wopuma ngati sitima, injiniyo yatopa. Injini isanatenthe, onani m'rediyeta. Thovu losalekeza kapena madzi osakanikirana ndi oyilo ndi chizindikiro cha mutu wong'ambika, ndipo musapitirize nkhani.

Funsani za lamba wa taiming'i. Injini za 3L, 5L ndi 4D56 zili ndi lamba amene ayenera kusinthidwa pa nthawi yake, ndipo akaduka galimoto ikuyenda amaononga mavavu. TD27 ilibe lambayu chifukwa imayendera magiya achitsulo. Ngati wogulitsa sakudziwa tsiku limene lamba anasinthidwa, ikani mtengo wake pa bajeti yanu. Makilomita a pa wotchi musawakhulupirire kwambiri, poti amabwezedwa. Chiwongolero, mapedulo ndi mpando wa dalaivala sizinama.

Poyesa manyuwo, kokani handibuleki, ikani giya yachitatu n'kusiya kilatchi pang'onopang'ono. Injini iyenera kuzima. Ikapitiriza kulira, kilatchi yatha. Poyenda, onani ngati giya ikutuluka yokha mukachotsa phazi pa mafuta. Poyesa otomatiki, solokotsani kachitsulo koyezera oyilo wa giyabokosi. Akhale wofiira, osati wakuda wonunkha ngati nsima yopserera. Musayesere galimoto pamsewu wa pa boma pokha. Ikanimo matumba, mukwere nawo phiri, maso ali pa muvi wa kutentha. Gwadani muone tchesi, chifukwa galimoto yoyenda m'madzi ndi m'nsomba zonyowa imachita dzimbiri pansi. Pomaliza, nambala za injini ndi tchesi zifanane ndi za m'mapepala, ndipo kusintha umwini kuchitike ku Road Traffic musanayambe kuigwiritsa ntchito.

Mawu anga otsiriza apite kwa amene matumba awo safika 100 pa chaka. Galimoto imadya ngakhale itaima: inshuwalansi, COF, batire ndi matayala sizidikira zokolola. Ngati mulibe katundu wa anthu ena woti muzinyamula m'miyezi ya njala, ndi bwino kupitiriza hayala, kapena kugula pikapu imodzi ngati kalabu, n'kulemba m'buku ulendo uliwonse. Amene mwatsimikiza kugula, lembani papepala zinthu zitatu musanakwere minibasi yopita kukaona galimoto: matumba amene munyamule, phiri limene mukwere, ndi dzina la makaniko amene adzaikonze. Mukatero, sungani gawo la ndalama zanu kuti likhale la sevisi yoyamba, ndipo ya feteleza wa chaka chamawa musaikhudze.