Thanga la matumba ndi mwera wa pa Chilwa

Anzanga aphunzitsi, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, lero za malipiro ndi za mayeso tiyambe tazisiya. Ndikufuna tikambirane za thanga la boti.

Mwezi wa July chaka chatha ndinapita kumaliro ku Chisi. Pa doko la Kachulu ndinakwera boti la matabwa, ndipo woyendetsa wake anali mnyamata amene ndinamuphunzitsa Fomu 3 zaka zingapo zapitazo. Mwera unali utalusa, ukuwomba kuchokera komwe tinkapitako. Mnyamatayo anapinda thanga lake losokedwa ndi matumba a feteleza, kugoneka mlongoti, n'kuyamba kukankha boti ndi nsungwi. Tinafika mwambo utayamba kale, iye thukuta lili kamukamu. Pobwerera madzulo anaimika thanga lija n'kukhala pansi kumadya nzimbe, mphepo ikumugwirira ganyu. Nditamufunsa chifukwa chimene sanalikwezere popita, anaseka. "Aphunzitsi, inunso! Thanga silimenyana ndi mphepo. Komwe mphepo ikupita, nanunso n'komweko."

Ndinachita manyazi, chifukwa amene anamujambulira mivi ya mphamvu pa bolodi ndi ine ndemwe, kale pamene phunzirolo tinkalitcha Physical Science. Anakhoza bwino ndithu. Koma sindinamuuzepo kuti mivi ija ili pa boti lake.

Zimene ananenazo n'zoona pa thanga limene alinalo, osati pa thanga lililonse. Lake ndi thumba lokolera mphepo basi. Koma thanga lokungika bwino, lokhala ndi kamimba pang'ono, limagwira ntchito ngati phiko la mbalame. Mphepo ikamadutsa mbali zake zonse ziwiri imapatutsidwa njira, ndipo thangalo limakokedwa cham'mbali komanso pang'ono kutsogolo. Mukapeza choletsa boti kutsetsereka cham'mbali, mphamvu yotsalayo imalipititsa kutsogolo. Palibe boti limene lingalunjike mphepo pamaso penipeni, koma maboti a mpikisano amayenda madigiri pafupifupi 45 kuchokera komwe mphepo ikuchokera. Amapita chokhotakhota, kumanja kenako kumanzere, mpaka kufika.

Apa aphunzitsi a masamu mundithandize. Boti loyenda pa madigiri 45 limayenda makilomita 1.4 kuti lipite kilomita imodzi molimbana ndi mphepo. Pa madigiri 60 limayenda makilomita awiri. Pa madigiri 80 limayenda pafupifupi asanu ndi limodzi, ndiye kuli bwino kungotenga nsungwi. Iyi ndi cosine yomwe ija ana amatifunsa kuti adzaigwiritsa ntchito kuti. N'chifukwa chake anthu a mpikisano, monga aja a Lake Malawi Yachting Marathon umene unayamba mu 1984, amataya nthawi yambiri pamchenga akukunga zingwe asanalowe m'madzi. Madigiri asanu okha amasiyanitsa woyamba ndi womaliza.

Zimene amakonzazo si zamatsenga. Choyamba ndi mlongoti. Ukamagwedera kapena kupindikira kumbali, thanga limataya maonekedwe ake n'kusanduka thumba, choncho umafuna zingwe zolimba kutsogolo ndi m'mbali. Ukapendekera kumbuyo, boti limakonda kulozetsa mutu wake kumphepo; ukapendekera kutsogolo, limaithawa. Woyendetsa amene akulimbana ndi tsigiro ulendo wonse adziwe kuti vuto lili pa mlongoti, ndipo tsigiro lopotoledwa kwambiri limagwira ngati buleki. Kenako mimba ya thanga. Mphepo ikakhala yofatsa, kamimba kamathandiza. Ikakula, thanga liyenera kukungidwa m'mphepete mwa mlongoti ndi m'munsi mwake kuti likhale lathyathyathya, chifukwa liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake pa thanga imawirikiza kanayi. Ndipo pali kachida kamene ndimakakonda chifukwa sikagulidwa: ulusi kapena tepi ya kaseti yakale, yomatidwa mbali zonse ziwiri za thanga chakutsogolo. Zonse zikagona molunjika kumbuyo, mphepo ikuyenda bwino. Ya mbali ya mphepo ikayamba kuvina, kokani chingwe kapena patukani pang'ono. Ya kuseri ikavina, masulani.

Koma zonsezi n'zachabe ngati pansi pa boti palibe chogwira madzi. Apa m'pamene Chilwa ali ndi vuto lake. Maboti a mpikisano ali ndi chipsepse chachitali pansi, pomwe nyanja yathu m'malo ambiri siposa mamita awiri kapena atatu, ndipo tonse tikudziwa kuti inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, n'kutsala pang'ono kutheratu mu 2018. Chipsepse chotere chingazike m'matope musanatuluke m'njedza. Anthu a ku Netherlands, omwe nawonso madzi awo ndi osaya, anathana nalo kalekale vutoli. Amamangirira thabwa lalikulu m'mbali mwa boti ndi bawuti imodzi, kulitsitsa m'madzi kumbali yomwe mphepo ikukankhira, n'kulikweza akafika posaya. Thabwa, bawuti ndi chingwe. Kalipentala aliyense wokhoma maboti pa Kachulu angathe.

Ndikudziwa zimene asodzi angandiyankhe, ndipo zina akunena zoona. Boti lodzaza matumba a matemba, njinga ndi anthu si la mpikisano. Thumba la feteleza limadontha mphepo komanso limatamuka likanyowa. Madigiri 45 sitingawaone. Mwina 70 titachita mwayi. Koma ngakhale kungotha kudula mphepo cham'mbali, m'malo modikira kuti itembenuke, n'phindu kwa munthu amene mafuta a injini akumudyera ndalama ya nsomba. Ku Likoma ngalawa za matanga zakhala zikuwoloka kupita ku Cobue ndi ku Chizumulu kwa zaka zambiri, ndipo si nthawi zonse pamene mphepo imakhala kumbuyo kwawo.

Chimene sindingachinyoze ndi ngozi. Mphepo ya cham'mbali imapendeketsa boti, ndipo ambiri okwera pa Chilwa sadziwa kusambira, majekete opulumutsira alibe. Woyesa izi ayese boti lopanda anthu, pamadzi ofika m'chiuno, thanga laling'ono. Chingwe chokokera thanga chikhale m'manja, asachimange mfundo, kuti chimphepo chikabwera mwadzidzidzi angochitaya.

Kwa ife aphunzitsi, dandaulo lathu la masiku onse ndi lakuti tilibe labotale. N'zoona, ine ndilibe. Koma teremu ino ndauza ana anga a Fomu 3 kuti aliyense abweretse kachidutswa ka thabwa lopepuka, kamtengo ndi pepala la pulasitiki la shuga. Tikhoma timaboti tiwiritiwiri, kena kokhala ndi chipsepse cha chitini, kena kopanda, tikatiyese pa ngalande ya sikimu ya mpunga tsiku la mphepo. Mnyamata wa pa Kachulu uja wavomera kudzaonerera, ngakhale wanenetsa kuti thabwa langalo likakola ukonde wa munthu, mlandu wake ndidzalipira ndine.